Katundu akutha koma ndalama sizikuoneka, nditenge ngongole kapena ndingosiya?

Funso lachokera kwa mayi wina amene wapempha kuti dzina lisatchulidwe. Akuti: "Ndimagulitsa zovala ndi nsapato, chino ndi chaka chachitatu. Ndimakaoda kutali, basi ya usiku wonse, pafupifupi sabata iliyonse. Katundu amayenda ndithu, anthu amandidziwa, koma mwezi ukatha ndalama sindiziona, pena olo yokaodera imaperewera. Abungwe lina longongoza ndalama akufuna andipatse ngongole ya 10 peresenti pamwezi kuti ndikulitse bizinesi. Komanso thupi latopa, mutu umandipweteka, miyendo imatupa ndikatsika basi, ana ndikungowakalipira. Bambo akunyumba akuti ndingosiya. Nditenge ngongoleyo kapena ndisiyedi?"

Mayi, uthenga wanu ndauwerenga kawiri, nde ndiyambe ndi yankho lenilenilo kuti musavutike kulisaka kumunsi: ngongoleyo musatenge pakali pano, komanso bizinesiyo musasiye pakali pano. Zonse ziwirizi mukufuna kuzichita muli mumdima, chifukwa simukudziwa ngati geni yanuyi imabala phindu kapena imangozungulitsa ndalama zomwezomwezo uku zikuchepa. Sikuti ndikukunyozani ayi. Ndakhala pansi ndi anthu ageni ambiri zedi, kope ndi cholembera zili patebulo, ena a mashopu akuluakulu ndithu, ndipo ambiri mwa iwo ukawafunsa kuti mwezi watha munapeza phindu lanji amakuuza ndalama zomwe anagulitsa.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Manambalawa ndi ongoyerekeza, inu mudzaikemo anu. Tinene kuti mwanyamula 1,000 mwakaoda zinthu 100, chilichonse pa 10, mwabwera mwaika mtengo wa 13. Muli m'basi pobwerera m'mutu mwawerenga kale kuti phindu ndi 300, ndipo 300 imeneyo mtima wayamba kale kuigawa musanagulitse olo chinthu chimodzi. Tsono pa zinthu 100 zija, 10 sizituluka, china chinabwera chong'ambika, china saizi yake palibe woivala, china mtundu wake anthu sanaukonde. Nde m'manja mwalowa 1,170. Ulendo uja unadya 100, kuphatikiza tikiti yopita ndi yobwera, kulipirira katundu, onyamula, mayunitsi, chakudya cha panjira, ndipo ngati mumadutsa malire onjezanipo msonkho ndi zomwe zimatsalira posintha ndalama. Zatsala 1,070. Kunyumba m'sabata imeneyo mwatapako 150, apa pang'ono apo pang'ono, osalemba. Zatsala 920. Mwafika kooda kuja mwapeza chinthu cha 10 chija pano ndi 10.5. Ndi 920 mugula zinthu 87 basi.

Mwaona zomwe zachitika? Munagulitsa bwinobwino, makasitomala anakusekererani, foni inalira tsiku lonse, koma munapita ndi mphamvu yogula zinthu 100 ndipo mwabwereranso ndi mphamvu yogula 87. Manambala ndawakokomeza dala kuti zioneke msanga, kwa inu zikuchitika pang'onopang'ono, nchifukwa chake zatenga zaka zitatu kuti mufike poti yokaodera iziperewera. Kudya mpamba kumakhala chonchi, sikumveka kuwawa tsiku lomwe mukudyalo.

Nde phindu ine ndimalitanthauzira motere: ndi zomwe zatsala mutagulanso katundu wofanana ndi yemwe munagulitsayo, mutalipira ulendo, mutalipira malo ogulitsira, ndiponso mutadzilipira inuyo. Mau akuti "mutagulanso" ndi omwe anthu amawadumpha. Mitengo ikamakwera, kuika mtengo potengera lisiti la sabata yatha nkudzibera wekha. Musanagulitse katundu wotsala funsani kaye kuti kooda kuja pano ali pa bwanji, foni ilipo, kenako mtengo wanu uchokere pamenepo. Kasitomala adandaula inde, koma iyeyo sadzakhalapo tsiku lomwe mpamba wanu udzathe. Pali kasamu kena kosavuta kothandiza kuona mmene kukwera kwa mitengo kumathamangira: tengani 72 mugawe ndi peresenti yomwe mitengo ikukwera pachaka. Ngati ikukwera ndi 24 peresenti, pa zaka 3 zokha zinthu zimakhala zawirikiza kawiri mtengo. Ngati ndi 12 peresenti, zaka 6. Ndiye munthu amene mpamba wake wangoima pa nambala yomweyomweyo zaka zitatu, akuganiza kuti sanaluze, mwina theka linapita kalekale.

Kasamu ka 72 kameneka si ka dzulo, kanalembedwa m'buku la masamu lomwe Luca Pacioli anasindikiza ku Venice m'chaka cha 1494, buku lomwelo lomwe linafalitsa kalembedwe ka ndalama zolowa ndi zotuluka komwe ma akauntanti akugwiritsabe ntchito mpaka lero. Ndipo chomwe chimandisangalatsa nchakuti iye anati wamalonda asanayambe kulemba china chilichonse, ayambe walemba zonse zomwe ali nazo ndi ngongole zonse zomwe ali nazo. Inunso yambirani pomwepo. Tsiku limodzi tsekani msanga, tsitsani katundu yense pansi, werengani chimodzichimodzi, lembani pa mtengo woodera. Lembani onse omwe muli nawo ngongole ndi onse omwe ali nanu ngongole. Ndalama ya m'chikwama, ya mufoni, ya kubanki. Nambala yomwe ituluke pamenepo ndiye bizinesi yanu yeniyeni. Mukadzawerenganso pakatha mwezi, kusiyana kwake kudzakuuzani zoona kuposa mmene mtima ukukuuzirani.

Musaope kuti ndikuuzani mukaphunzire zowerengera ndalama kusukulu, ayi. Ku Dominican Republic akatswiri atatu, Alejandro Drexler, Greg Fischer ndi Antoinette Schoar, anayesa njira ziwiri zophunzitsira anthu a mabizinesi ang'onoang'ono, zotsatira zake zinatuluka mu 2014. Gulu lina analiphunzitsa maphunziro a akaunti monga amaphunzitsira m'kalasi. Gulu lina anangoliuza timalamulo tosavuta, monga kusunga ndalama za bizinesi ndi za pakhomo m'malo awiri osiyana, kumadzilipira malipiro okhazikika, ndipo ukabwereka kuthumba la bizinesi uzilemba nkubweza. Omwe anasintha kwambiri kayendetsedwe ka ndalama zawo ndi a timalamulo tosavutato, makamaka omwe poyamba sankadziwa zambiri za masamu a ndalama. Nde chitani zomwezo. Zikwama ziwiri, kapena ma akaunti awiri a pafoni. Sankhani ndalama yomwe muzidzilipira pasabata, ikhale yomweyomweyo, ndipo ikatha yatha. Mwana akadwala mwatapa kuthumba la bizinesi, palibe cholakwa, koma lembani ngati ngongole. Sabata zoyambirira zidzawawa chifukwa mudzaona koyamba kuti pakhomo pamadya zingati, koma bola kuona.

Tsopano ndikhalitse pang'ono pa zinthu 10 zotsala zija, chifukwa ndikuganiza kuti ndalama zanu zambiri zagona pamenepo. Ndinapitapo kwa bambo wina wogulitsa nsapato amene ankadandaula ngati inu nomwe, akuti ndalama zikungosowa ngati pali wina akumubera. Titawerenga za pashelefu sizinafike olo pafupi ndi mpamba womwe ankati ali nawo. Ndinamufunsa kuti zina zili kuti, anakhala chete pang'ono kenako ananditengera kuchipinda nkuyamba kukoka makatoni kunsi kwa bedi, fumbi lili mbuu. Kutsegula, nsapato zokongola ndithu, koma masaizi akuluakulu okhaokha ndi ang'onoang'ono kwambiri, zotsalira za maulendo a chaka chathunthu. Ina nditainyamula soli inangotsala m'manja, guluu anali atauma, zina chikopa chitayamba kusuwa ngati khungu la njoka. Iye akungobwereza kuti "izitu ndinagula modula, sindingazitaye motchipa". Titaphatikiza, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mpamba wake linali kunsi kwa bedi lomwe ankagonapo akudandaula.

Mau akuti "ndinagula modula" amenewa ali mwa tonsefe. Akatswiri Daniel Kahneman ndi Amos Tversky anaonetsa mu 1979 kuti kuluza kumatipweteka kwambiri kuposa mmene kupeza ndalama yofanana nayo kumatisangalatsira, pambuyo pake anapeza kuti kuwawako kumakhala ngati kowirikiza kawiri. Nchifukwa chake munthu amalolera kusunga chinthu mpaka chiwonongeke kusiyana nkuti achigulitse pa 7 chomwe anagula pa 10, chifukwa tsiku logulitsalo ndi lomwe kuluza kumaonekera poyera. Mu 1985 Hal Arkes ndi Catherine Blumer anachita kafukufuku ndi matikiti a zisudzo payunivesite ina ku Ohio, ena anagula pa mtengo wonse, ena anawatsitsira mwamwayi chabe, ndipo omwe analipira mtengo wonse ndi omwe anapita kukaonera kwambiri m'miyezi yoyambirira, chonsecho zisudzo zinali zomwezo. Ndalama yomwe yapita kale imatikoka. Olo maboma amagwa m'mbuna yomweyi, Britain ndi France anapitiriza kuthira ndalama pa ndege ya Concorde zitaoneka kale kuti sizidzabwerera, ndegeyo inayamba kunyamula anthu mu 1976 nkudzaima mu 2003, ndipo zinangopangidwa 20 zokha. Nde musadzione ngati opusa. Koma 10 munalipira ija inapita basi, funso lomwe latsala ndi lakuti 7 ya lero ingakuchitireni chani. Ikalowa mu katundu woyenda msanga, pakatha miyezi iwiri kapena itatu 3 munaluza ija yabwerera. Ikakhala m'katoni, chaka chamawa ndi 0. Chilichonse chomwe chakhala miyezi itatu osatuluka tsitsani mtengo chipite, ndalamayo ndiye "ngongole" yanu yoyamba, yopanda chiwongoladzanja.

Pomwepanso muone kuti katundu wa phindu lalikulu si amene nthawi zonse amakupatsani ndalama zambiri. Chinthu chomwe mumapezapo 10 pa 100 koma chimatha sabata iliyonse, pamwezi chakupatsani 40. China mumapezapo 50 pa 100 koma chimatenga miyezi itatu kuti chithe, pamwezi chakupatsani 17 basi. Anthu timakopeka ndi chachiwiricho chifukwa tsiku logulitsa mtima umakoma. M'kope mwanu, pambali pa chinthu chilichonse, lembani tsiku lomwe chinafika ndi tsiku lomwe chinatuluka. Pakangotha maulendo atatu mudzadabwa kuona kuti ndi mitundu itatu kapena inayi yokha yomwe ikusenza bizinesi yonse, ina yonseyo ikungokwera nawo.

Za ongongola katundu sindichulukitsa. Amene watenga diresi kuti adzalipira kumapeto kwa mwezi, mwamubwereka mpamba wanu popanda chiwongoladzanja, nthawi yomweyo inu mukuganiza zokabwereka kwina pa 10 peresenti. Ikani malire a ndalama zomwe zingakhale kunja nthawi imodzi, alipire theka kaye, ndipo amene sanamalize yakale asatenge china.

Tibwere ku maulendowo. Ulendo uli ndi mtengo wake womwe susintha kwenikweni kaya mwanyamula zinthu 50 kaya 200, tikiti yanu ndi yomweyo, usiku womwe mwataya ndi womwewo. Injiniya wina wa ku America, Ford Harris, analemba za nkhani imeneyi mu 1913, kuti pali ndalama ziwiri zomwe zimakokana: ukamaoda pang'onopang'ono kawirikawiri umalipira kwambiri pa maulendo, ukaoda zambiri kamodzi umalipira kwambiri posunga katundu, ndalama zimagona ndipo zina zimatha fashoni. Pabwino pali pakati. Ndipo ndikaona zomwe mwalembazi, inu mwapendekera kwambiri mbali ya maulendo. Maulendo anayi pamwezi pa 100 uliwonse ndi 400. Mukapita kawiri ndi 200 ndi kena kake kowonjezera pa katundu. Mwapulumutsa pafupifupi 200 osagulitsa olo sokosi imodzi yowonjezera, komanso masiku omwe mukanakhala panjira muli pamalo panu kugulitsa nokha, ndipo tikudziwa tonse kuti mwini wake akakhalapo malonda amayenda mosiyana.

Mudzati nanga ndalama yooda katundu wa masabata awiri nthawi imodzi ndiitenga kuti. Mesa ndi ija ili m'makatoni ndi kwa ongongola aja? Komanso pali njira zina. Katundu yemwe mumamudziwa bwino, yemweyemweyo ulendo uliwonse, safuna kuti inu mukamuone ndi maso, ngati pazaka zitatuzi mwapeza wogulitsa mmodzi wokhulupirika yesani kuitanitsa pafoni akutumizireni, koma yambani ndi kakatundu kochepa koti olo katasowa simungalire, mupemphe zithunzi ndi lisiti katunduyo asananyamuke. Kapena gwirizanani ndi mnzanu wa geni yomweyo muzisinthana, sabata ino apite iye, inayo mupite inu. Inu muzipita nokha pokhapo pofunika maso anu, posankha zatsopano.

Tsono thupi. Ili ndiye gawo lomwe ndikufuna mulimvetse kwambiri, chifukwa mwalilemba kumapeto ngati kachinthu kongowonjezera, pomwe ine ndikuona kuti ndi nkhani ya ndalama yomweyo. Ndinakwerapo basi ya usiku ndi mayi wina wageni amene ndinkamuthandiza za mabuku ake, ndinkafuna ndione ndekha mmene amaodera. Tinafika m'bandakucha, iye osagona olo pang'ono chifukwa chikwama cha ndalama anachikumbatira usiku wonse. Ali pakauntala anawerenga mpukutu umodzi wa ndalama katatu, katatu konse nambala yosiyana, maso ali psuu, mpaka anangoupereka kuti wogulitsayo awerenge yekha. Katoni yomaliza sanaitsegule nkomwe, anangoti "mangani, ndatopa". Mmenemo ndi momwe munadzapezeka masaizi olakwika. Mayi ameneyu ndi wochenjera kwabasi, masana atagona bwino palibe angamupusitse. Ku Australia, Drew Dawson ndi Kathryn Reid anapeza mu 1997 kuti munthu amene wakhala maola 17 osagona amachita zinthu mofanana ndi amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi, ndipo akafika maola 24 zimafanana ndi 0.10 peresenti, mlingo womwe m'maiko ambiri saloledwa nawo kuyendetsa galimoto. Nde taganizani, chisankho chachikulu kwambiri pa bizinesi yanu, chogula chani, zingati, pa mtengo wanji, mumachipanga mutu uli choncho, mpamba wonse uli m'manja. Zinthu 10 zotsala zija zambiri zimabadwa m'mawa umenewo.

Chothandiza: mndandanda wa zogula lembani muli kunyumba mutagona bwino, ndi masaizi, mitundu, kuchuluka kwake ndi mtengo womwe simungapitirire. Kumeneko muzingotsata pepala. Siyani kagawo kochepa, mwina 10 pa 100 iliyonse, koyesera zatsopano zomwe zakukopani, kakatha katha. Ndipo ngati nkotheka mukafika gonani kaye olo maola awiri musanalowe mumsika, malo ogona amenewo ndi otchipa kuposa katoni imodzi yolakwika.

Nkhawa ya ndalama nayonso imadya nzeru payokha. Mu 2013 Anandi Mani, Sendhil Mullainathan, Eldar Shafir ndi Jiaying Zhao anayesa alimi a nzimbe ku Tamil Nadu m'dziko la India, anthu omwewo kawiri, asanakolole ali pa usiwa ndi atakolola ndalama zili m'thumba. Asanakolole ankalephera kwambiri mayeso ofuna kuganiza. Munthu yemweyo, mutu womwewo, kusiyana kwake nkhawa. Ndiye kukalipira ana kuja musadziweruze nako kuti ndinu mayi woipa, ndi tulo tosakwanira ndi mutu wodzadza ndi masamu osatha. Koma ganiziraninso kuti pamwamba pa zonsezi muikepo tsiku lobweza ngongole mwezi uliwonse.

Za miyendo ndikupempheni musazitenge mopepuka. Mapazi onse awiri kutupa pang'ono utakhala nthawi yaitali, nkuphwa ukayendayenda kapena ukagona utawakweza, zimachitikira anthu ambiri. Koma bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2007 kuti kukhala malo amodzi paulendo wa maola 4 kapena kuposa, kaya ndi m'ndege, m'basi, m'sitima kapena m'galimoto, kumawirikiza kawiri chiopsezo choti magazi aundane m'mitsempha ya m'miyendo. Paulendo umodzi chiopsezocho nchochepa, koma inu maulendo otere mukuyenda kasanu ndi katatu pamwezi mukaphatikiza kupita ndi kubwera, ndipo chimakula kwa amene ali oyembekezera, amene angobereka kumene, amene akumwa mapiritsi ena olera, onenepa kwambiri ndi amene achitidwa opaleshoni posachedwa. Mukadzaona mwendo umodzi wokha watupa, ukupweteka, ukutentha kapena wasintha mtundu, kapena mwayamba kubanika mwadzidzidzi, pachifuwa pakupweteka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti mugulitse kaye. M'basimo paliponse yaima tsikani muyendeyende, mutakhala pampando muzigwedeza mapazi kukweza zala ndi zidendene, katundu asapanikize miyendo, ndipo madzi imwani. Ndikudziwa ambiri amadzimana madzi dala poopa kusowa kokataya madzi panjira, koma kumeneko nkudzipweteka, ndipo mutu wopweteka uja pena umachokera pomwepo. Mutuwo sabata ino yomwe kayezetseni BP, sizitenga nthawi, ndipo muwafotokozere achipatala za maulendowa ndi za miyendo zomwe. WHO pamodzi ndi ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, anatulutsa lipoti mu 2021 loti kugwira ntchito maola 55 kapena kuposa pasabata kumakweza chiopsezo cha sitiroko ndi 35 peresenti poyerekeza ndi ogwira maola 35 mpaka 40, ndipo anati anthu pafupifupi 745,000 anamwalira mu 2016 ndi sitiroko ndi matenda a mtima okhudzana ndi maola aatali otere. Tawerengani anu, muphatikize ndi a m'basi omwe.

Nde tibwerere ku ngongole ija. 10 peresenti pamwezi imamveka yaing'ono chifukwa nambala yake ndi yaing'ono. Funsani kaye kuti akuiwerengera pa ndalama yonse yomwe munatenga, kapena pa yomwe yatsala mukamabweza. Ngati ndi pa yonse, mwatenga 1,000 kwa miyezi 6, chiwongoladzanja ndi 600, mukubweza pafupifupi 267 mwezi uliwonse, koma pofika mwezi wachisanu ndalama yawo yomwe ili m'manja mwanu ndi yochepa pomwe mukulipirabe ngati muli ndi 1,000 yonse. Mukawerengera bwino imeneyo ndi yoposa 15 peresenti pamwezi, tisanaikepo ndalama ya fomu, inshuwalansi ndi chilango chochedwa. Ndipo ngati mwalephera kubweza iwo nkumangowonjezera chiwongoladzanja pa chiwongoladzanja, 1,000 ija pakatha miyezi 12 yafika 3,138. Funsaninso chikole ndi chani, ndipo ndani wina asaina, chifukwa nkhani zambiri zowawa zomwe ndaziona zinathera pa katundu wa m'nyumba ndi pa ubale.

Sindikunena kuti ngongole ndi yoipa nthawi zonse. Pali mtsutso umodzi wamphamvu woikira kumbuyo ngongoleyo, womwe ndaunena kale, kuti ulendo umodzi ukanyamula katundu wochuluka mtengo wa ulendowo umagawika pa zinthu zambiri. Zimenezo nzoona, koma zimagwira pokhapokha ngati ogula alipo oti atenge katundu wowonjezerayo mwachangu chomwecho. Ngati makasitomala amabwerera chifukwa chinthu chomwe amafuna chatha, ndipo zimachitika sabata ndi sabata, pamenepo ndalama yowonjezera ili ndi ntchito. Koma ngati panopa pali kale zotsala, kuwirikiza katundu osawirikiza ogula nkungowonjezera makatoni kunsi kwa bedi, pano ogulidwa ndi ndalama ya eni ake. Mu 2015 kunatuluka zotsatira za akafukufuku 6 a ngongole zing'onozing'ono omwe anachitika ku Bosnia, Ethiopia, India, Mexico, Mongolia ndi Morocco, ndipo omwe anaziunika pamodzi, Abhijit Banerjee, Dean Karlan ndi Jonathan Zinman, anapeza kuti ngongolezi zimathandizako pang'ono koma sizisintha moyo wa anthu ambiri monga ankayembekezera. Ku India komweko phindu linaoneka kwambiri kwa omwe anali kale ndi bizinesi yoyenda bwino. Ngongole imakulitsa chomwe chilipo kale, nde tiyenera tidziwe kaye kuti chilipocho nchiyani.

Bambo akunyumba musakangane nawo, iwo akuona mkazi wawo akutha ndipo ndalama siikuoneka, sakulakwitsa kudandaula. Koma nawonso mwina sakudziwa kuti zingati za pakhomopo zimachokera m'thumba la geniyi, chifukwa zimatuluka pang'onopang'ono osalembedwa. Apempheni miyezi iwiri. Muwerengere limodzi katundu tsiku loyamba, kope likhale poti onse mukuliona, maulendo muwachepetse akhale awiri pamwezi kuyambira pano osadikira chilichonse. Ikatha miyezi iwiriyo mudzakhala ndi manambala atatu: mpamba unali bwanji ndipo pano uli bwanji pa mtengo woodera wa tsikulo, mwadzilipira zingati, ndipo ndi kangati kasitomala anabwerera chifukwa chomwe amafuna chinatha. Ngati mpamba waima kapena wakula mutadzilipira, bizinesi ilipo, ndipo nambala yachitatuyo ndi yomwe idzatiuze ngati ngongole ili ndi malo, komanso ya zingati, nthawi zambiri imakhala yochepa kuposa yomwe akufuna kukupatsaniyo. Ngati mpamba ukutsikabe mutachita zonsezi, pamenepo tikambirana zosintha katundu kapena kooda, kapena zosiya mukadali ndi kena kake m'manja.

Abungwewo akakuimbirani muwauze kuti mudzawayankha pakatha miyezi iwiri, ndipo akupatseni papepala ndalama yonse yomwe mudzabweze kuphatikiza zonse, ndi zomwe zimachitika mukachedwa ndi sabata imodzi. Akanena kuti mwayiwu utha mawa, asiyeni uthe. Pepalalo mukalipeza nditumizireni pamodzi ndi manambala atatu aja, ndipo mundiuzenso zomwe akakupezani nazo kuchipatala.